Wina Walowa Kale ndi Nambala Yanu

Kutada, netiweki inayamba kukana m'nyumba. Namwino wina anatenga foni n'kukakhala pamasitepe a kuseri, pomwe imagwirako bwino. Mawa lake linali tsiku lomaliza lopereka ntchito ya kuyunivesite, ndipo buku lomwe ankafuna linali mulaibulale ya pa intaneti.

Analemba nambala yake ya kusukulu ndi mawu achinsinsi. Foni inayankha kuti, "Wina walowa kale ndi nambala yanu."

Mtima unathamangira kwa mlamu wake, yemwe anabwerekapo nambalayo chaka chatha. Anamuimbira.

"Alamu, mwayambanso kuwerenga ndi dzina langa?"

"Ine? Ndili pamzere wa mafuta, alamu. Ine ndi sukulu ukwati unatha kalekale."

Atadula foni, anapeza buku lija latseguka lokha, patsamba lenileni lomwe ankafuna. Za tsambalo anali asanauzeko munthu. Mizere inayamba kukwera pang'onopang'ono, ngati pali wina akuwerenga. Anapanikiza chala pagalasi kuti iime.

Inaima. Kenaka m'kabokosi kofunsira thandizo munatuluka mawu:

"Pepani asisi, sunthani chalacho. Mwaphimba mzere womaliza."

Kumbuyo kwake kunali chitseko chokha, ndipo anali atachikhoma yekha. Sanatembenuke.