Fulashi ya Alamu Jairos

Fulashi ya kamera inang'animanso mumdima, mutu wa Shalom n'kugwera pamiyendo pa amayi ake.

Dinnah anaweramira mwana wakeyo. Mwanayu ali ndi khunyu, ndipo adokotala anachenjeza kale za kuwala kothwanimathwanima. Dinnah mwini ndi namwino ku Walsall, ku England, koma akanatani m'kabwato ka kupaki yamasewera, kakuyandama m'phanga pakati pa zidole zoimba? Chitsulo chowatchinga pamiyendo sichikanatseguka mpaka kumapeto.

"Alamu, zimitsani chimenecho!"

"Chimodzi chokha, alamu," anayankha Jairos kumbuyo. Anali atangobwera kumene ku England. "A ku Ntcheu akapanda kuona chithunzi adzati ndikunama."

Dinnah anapapasa nsagwada za mwanayo, sizinaume. Anagwira mapewa, sanali kunjenjemera. Anamuitana dzina, koma nyimbo za zidole zinameza mawu ake.

Kabwato kanatulukira poyera. Shalom anadzutsa mutu, zikhatho zidakali kumaso.

"I closed my eyes like you said, Mum. Is it finished?"

Dinnah anamukumbatira, mtima unangoti myaa.

Jairos anayang'ana zithunzi zija pa kamera yake. Munalibe chidole ngakhale chimodzi. Munali mapaipi, mawaya, ndi dazi la mzungu wapampando wakutsogolo, amene tsopano anali atatembenuka, maso ali psuu.

"Tumizani dazi limenelo ku Ntcheu," anatero Dinnah. "Koma alamu, ndapota nanu, mukadzalowanso mumdima muli anthu, muzizimitsa kaye fulashiyo."