Chitseko chinkashoka, iye nkumaseka

Panali munthu wina ku Nancholi, dzina lake Venansio, mkulu wa ku Nsanje, dalaivala wa bwana wina ku Chinyonga. Nkhaniyi ndaimva kwa mayi amene ankapemphera nawo tchalitchi chimodzi, ndipo mpaka lero mtima sukundikhala.

Namondwe Freddy atagumula nyumba yawo ku Manje, Venansio, mkazi wake Eliness ndi mwana wawo Rejoice anasowa pogona. Bwana uja anawamvera chisoni nkuwapatsa chigalimoto chake chakale, chija chokhala ngati nyumba, mkati muli bedi, filiji ndi masoketi. Injini inali itafa kalekale. Venansio anachikoka ndi lole mpaka pa puloti ya mlamu wake ku Nancholi, nkumakhala momwemo.

Pamalopo panalibe magetsi, ndiye Venansio anagula kajenereta kuti Eliness azipanga mafilizesi ogulitsa. Chingwe chenicheni cholowetsera magetsi m'galimotomo chinali chitatayika. Mkuluyo sanadandaule nkomwe. Anatola zidutswa za waya, kulumikiza, kukulunga ndi jumbo, nkudutsitsa pakhomo. Chitseko chachitsulo chikatsekedwa chinkamuluma wayayo tsiku ndi tsiku.

Pasanathe mwezi Eliness anayamba kudandaula.

"Bambo a Rejoice, chitsekochi chikumandishoka jenereta ikayaka."

"Aaa, inunso mantha! Muzivala masilipasi basi."

Kuseri kwa mpanda kunkakhala Mervis, mayi wodziwa ntchito ya magetsi, woika mawaya m'nyumba za anthu. Eliness atamuuza, Mervis anabwera kudzaona, ndipo atangoyang'ana anagwira pakamwa.

"Achimwene, waya wanuyu wasupuka pachitseko apa, wakhudza chitsulo. Jenereta ikayaka, galimoto yonseyi imakhala ndi moto. Mwasiyanso waya wachitatu, uja wotaya magetsi m'nthaka. Pezani chingwe chabwino cha mawaya atatu, mulowetse pa soketi yake ya panja, tikhomenso chitsulo pansi. Ntchitoyo ndikugwirirani ulere. Koma chonde musayatse kaye."

Venansio anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Achemwali, ine magalimoto ndayendetsa zaka twente. Matayala ndi a labala, magetsi adutsa pati? Kashoko kakang'ono ngati kameneka sikangaphe ndi nkhuku yomwe."

Koma amuna ena abale! Kuuzidwa ndi mzimayi ankakuona ngati kunyozedwa. Anangowonjezera jumbo ina pamalo posupukapo, basi nkhani yatha.

Loweruka lina mvula inagwa m'mamawa, kenako dzuwa linawala. Eliness anachapa beseni lonse lodzaza. Chingwe choyanikira chinali chitaduka, ndiye Venansio, pofuna kuthandiza mkazi wake, anatenga waya wachitsulo. Mbali ina anamanga ku mtengo wa mango, mbali ina ku makwerero a kumbuyo kwa galimoto ija.

"Uyu ndiye saduka," anatero.

Eliness anayamba kuyanika. Masilipasi anali atawavula chifukwa ankaterera m'matope. Venansio anapita kuseri kwa galimoto kumene kunali jenereta, poti mafilizesi anali atayamba kusungunuka. Anakoka chingwe kamodzi, osayaka. Kawiri, osayaka. Kachitatu inalira.

Atatulukira anaona mkazi wake ataima chilili, manja onse ali pa waya, thupi likunjenjemera. Mukudziwa zimene ananena? Anaseka.

"Mayi a Rejoice, mwayamba kuvina magetsi ayaka?"

Eliness sanatembenuke nkomwe. Amene anazindikira ndi Mervis, ataona ali pampanda.

"Zimitsani! Achimwene zimitsani jenereta! Musamugwire!"

Venansio anangoti kakasi. Mervis analumpha mpanda nkukazimitsa yekha. Eliness anagwa m'matope, malaya onyowa a mwamuna wake ali pa phewa. Mervis anayesetsa kumupsinya pachifuwa, anthu anathamanga kukasaka galimoto, koma pofika kuchipatala adokotala anangopukusa mutu. Mayi wa zaka twente naini, wopanda ndi chimfine chomwe, kupita chonchi masana dzuwa likuswa mtengo. Mayo ine!

Maliro anawatengera ku Nsanje. Atafika, mayi ake a Eliness, okalamba osaona bwino, anamugwira dzanja mkamwini wawo.

"Mwananga, bwanji simunatiuze kuti mnzanu akudwala? Ndikanabwera kudzamusamalira ine. Wadwala masiku angati?"

Anthu onse anawerama. Venansio anagwada pansi.

"Sanadwale amayi. Anandiuza kuti chitseko chikushoka, ine nkumuuza kuti avale masilipasi. Jeneretayo ndinayatsa ndine, ndi dzanja lomwe mwagwirali."

Mayi aja analisiya dzanjalo pang'onopang'ono.

Phunziro: Galimoto, kontena kapena shopu ya malata ikangokushokani ngakhale pang'ono jenereta ikuyaka, zimitsani nthawi yomweyo, muitane wodziwa magetsi, kaya ndi bambo kaya ndi mayi. Waya wa magetsi sakulungidwa ndi jumbo, sapanidwa ndi chitseko, ndipo waya wachitatu uja sasiyidwa. Musamange waya woyanikira zovala pa chitsulo chimene pakudutsa magetsi. Munthu akagwidwa ndi magetsi, yambani mwazimitsa musanamukhudze. Chonde abale, musangowerenga nkusunga. Tumizani kwa aliyense amene ali ndi jenereta pakhomo, makamaka azibambo aja amene sauzidwa.