Tizikopa ta M'maso mwa Namphepo

Padangokhala hatchi ziwiri m'khola limodzi. Ina idali Namphepo, kamsoti kamene kadapambana mipikisano isanu ndi iwiri osagonjako. Inayo idali Nachuma, yachikulire, imene inkapambana kale kamwanako kasadabadwe. Anthu akayamba kuimbira Namphepo nthungululu, Nachuma udzu unkamuwawa m'kamwa.

"Kamwana kadzulodzulo kangandipose ine? Kali ndi chithumwa kameneka," Nachuma adauza Bulu.

"Amayi, liwiro ndi miyendo," adatero Bulu.

"Liwiro ungalidziwire kuti wokoka ngolo iwe? Mawa ndichiona ndi maso angawa."

Pampikisano hatchi zonse ankaziveka tizikopa m'mbali mwa maso kuti ziziona kutsogolo kokha. Nachuma adakhula take pamtengo mpaka tidagwa, kuti azimuona bwino mnzakeyo.

Wezulo italira, Nachuma ndiye adatsogola pang'ono, ali chakumbali kwa Namphepo, pakuti mphamvu adali nazo ndithu. Koma khosi lidali cheucheu. Ayang'ane ziboda za Namphepo, ayang'ane kumchira, kufunafuna pamene adamanga chithumwacho. Njira itakhotera kumanzere, iye adangopitirira n'kukalowa m'dimba la nzimbe.

Adatulukamo ali matope okhaokha, nthungululu zoimbira Namphepo zitatha kale, ndipo adalunjika kwa Namphepo ali wefuwefu.

"Undiuze zoona, mwana iwe. Wanditchera chiyani pokhota paja?"

Namphepo adaweramitsa mutu mwaulemu, tizikopa tikadali kumaso.

"Pepani amayi, kodi nanunso munathamanga nawo? Ine sindinakuoneni."

Nthano yanga nayo yakhotera pomwepo.