Envelopu ya M'jekete

Mzere wa mu shopu ya intaneti sunkasuntha, ndipo amake mapasa anali wachisanu ndi chimodzi pa benchi. M'chipindamo munkatentha, zenera linali limodzi, nalonso lotchinga ndi zitsulo. Kukhwapa anapanira envelopu yakhaki, yonenepa bwino. Sanaifufuze. Anangosololamo kapepala kapamwamba kamene kanali ndi nambala.

Zotsatira za lotale ya ziphaso zokakhalira kunja zinali zitatuluka dzulo lake. Mwamuna wake, dalaivala wa thiraki, anali pa ulendo wa milungu iwiri ndipo foni yake sinkapezeka. Chaka chilichonse bamboyo ankabwera yekha mu shopu muno, n'kubwerera kunyumba atazyolika: "Zakanika, mayi. Tiyesanso chaka chamawa." Ulendo uno mtima wa mayiyo unakana kudikira. Anapisa m'thumba la jekete ya mwamuna wake n'kutenga envelopuyo.

Zaka zisanu ndi zinayi banjalo linkakhala ngati anthu odikira basi. Chipinda chimodzi, matiresi pansi, zovala m'masutikesi. Mayiyo akati tigule bedi, yankho la bamboyo linali lakuti bedi silikwera ndege. Akati makina osokera, yankho lomwelo. Ntchito ya pa sitolo ya nsalu anaikana yekha, poti eni ake ankafuna munthu wokhalitsa, ndipo iye anali wapaulendo. Amayi anzake pa mpopi anamupatsa dzina loti Anakunja, ndipo ankamufunsa ngati ndege yake yaphwa tayala. Zinkamuwawa kwambiri, koma ankadzitonthoza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chimene chinkamulimbitsa mtima chinali tsiku lojambulitsa. Chaka ndi chaka onse anayi ankatchena kupita kwa wojambula: khoma loyera, osamwetulira, makutu aoneke. "Fulumirani," bamboyo ankatero akupesa mapasa, "lamulo lake ndi limodzi. Amene sanalembedwe pa fomu sakwera ndege." Munthu wotere ungamukayikire bwanji?

Asanu a patsogolo pake anatuluka mmodzimmodzi, aliyense akuyang'ana nsapato zake. Mwini shopu, bambo wadazi wovala magalasi, anamukodola.

"Ndabwera kudzawaonera eni ake a nambalayi. Ali pa ulendo," anatero amake mapasa.

"Musayembekezere zambiri, mayi," anatero mwini shopu akutayipa ndi zala ziwiri. "Olowa ndi mamiliyoni, dziko lonse lapansi. Kompyuta imangotola ngati munthu wopisa m'thumba la mtedza atatsinzina. Siidziwa wolira, siidziwa wopemphera."

Kenako zala zija zinaima. Anasendeza nkhope pafupi ndi kompyuta, nawerenga kawiri.

"Mayi, gwirani mpando. Asankhidwa!"

Nthungululu inatuluka yokha. Anthu a pa benchi anaimirira kumuwombera m'manja, ena nsanje ili m'maso. Amake mapasa analira osabisa, misozi ya zaka zisanu ndi zinayi. M'maganizo anaona chitseko cha kachipinda kawo kaja chikutseguka. Anaona bedi lenileni, la miyendo inayi, ndi mapasa aliyense pa tebulo lake. Anaganiza za mpopi, ndi mmene adutsirepo mawa osathamanga, kuti amayi aja amuone bwinobwino Anakunja. Anachitanso manyazi pokumbukira masiku amene ankamunyoza mwamuna wake chamumtima.

"Ndiye mundiuze, bambo," anatero akupukuta misozi ndi kuseri kwa dzanja, "akuti kumeneko kumazizira koopsa. Anawa ndiwagulire majuzi kuno, kapena tikagula konko?"

Mwini shopu anavula magalasi.

"Ana ake ati? Achimwene anuwa fomu ndimawalembera ndine chaka chilichonse. Ndi osakwatira, alibe mwana."

Envelopu ija inapulumuka kukhwapa n'kugwa pansi. Pa simenti panamwazika zithunzi za iye ndi mapasa, kuyambira ali makanda mpaka chaka chino, zonse zili m'timapepala ta wojambula tosatsegula.