Nkhunda za a Orest

Halyna ankapisa m'matumba a jekete la amuna ake, eni ake ali pomwepo, chogona pabedi, kapaipi ka mpweya kali m'mphuno. Ankafuna umboni, ngakhale kanthenga kamodzi.

Madokotala a mumzinda wa Winnipeg ananena mosapita m'mbali kuti mapapo a bambo Orest anatha ndi fumbi la mbalame. Mapapo ena akhoza kuwaika, koma osati munthu akupumabe fumbilo, chifukwa atsopanowo angawonongekenso. Halyna sanachedwe. Nkhunda zonse za amuna ake anagulitsa, khola n'kugwetsa. Nkhundazo ankadana nazo kuyambira kalekale, ndipo zinamukomera kuti sayansi yagwirizana naye.

Koma chaka chinatha magazi awo akuonetsabe kuti akupuma fumbilo, ndipo a Orest sanaikidwe pamzere wa odikira mapapo.

"Mumazembera kwa anzanu a Zenon inu," anatero Halyna, "kukasisita nkhunda zawo. Mukundiona ngati mwana?"

"Ine wolephera kufika kubafa ndekha?"

"Nkhani ikakhala ya nkhunda mukhoza kukwawa."

Halyna anawadzutsa, n'kutenga pilo wawo, kumumenya phaphapha kuti afufume, monga ankachitira m'mawa ndi madzulo, kenaka n'kuwagonekanso bwinobwino. Ukaliwo unali wapakamwa chabe. Mumtima mantha anali atamugwira, poti amuna ake ankangonka nafooka.

Masana ake kunabwera Dokotala Friesen, mayi wa kafukufuku amene ankayendera nyumba za odwala otere ndi kamakina koyamwa fumbi. Anayamba ndi makatani, kenaka kapeti, kenaka jekete lija. Halyna anali pambuyo pake ngati chithunzithunzi.

"Muwapanikize ndinu, adokotala. Ine amangondikanira."

"Tiona, mayi," anayankha dokotalayo, maso ali pa kamakina.

Atafika pabedi anadina pilo ndi chala. "Ameneyu munagula sitolo iti?"

"Sitolo?" Halyna anachita tsinya. "Munthu wodwala n'kumugoneka pa zinyalala za m'sitolo? Ndinasoka ndekha, monga ankachitira amayi anga. Chidwalireni bambowa sindilola kuti pilo aphwe. Ndimangowonjezera nthenga zatsopano, za atsekwe a achimwene anga."

Dokotala Friesen anazimitsa kamakina kaja. "Atsekwe ndi mbalamenso, mayi," anatero. Halyna anayang'ana dokotala, n'kuyang'ana pilo, manja ali lende.

A Orest anadzutsa mutu pang'onopang'ono, n'kukankhira piloyo pansi.

"Khola lija," anafunsa, "matabwa anatsalako?"