Chitsime cha Njiri

Padangokhala Njovu, mkumbi wa zitsime pamchenga wa mtsinje, amene nyama zonse zinkamutsata chilimwe chikafika. Chaka china chitsime chake chidaphwa, pakuti ankangokumba pomwe padakumba makolo ake. Nyama zidakhamukira kwa Njiri, amene adapeza madzi kumunsi.

Poopa kutsala yekha, Njovu adapita kukakwirira chitsime cha Njiri, kukhosi kutauma gwa.

"Kwirirani, mayi wathu," adatero Njiri, "koma yambani mwamwa. Chovuta n'chakuti n'chosaya. Mano angawa alekeza pomwepa."

Njovu adaona ana a mbawala akunyambita matope. Adagwada, iye wosagwadira aliyense, nazika minyanga mumchenga mpaka madzi adatumphuka.

"Mawa mudzandilozere pokumba, a Njiri," adatero akudzuka. "Mphuno ndi yanu, koma minyanga idakali yanga."