Lilime la a Shefu

Mbale inabwerera kukhitchini nsomba itakumbidwakumbidwa ndi foloko.

"Akuti mchere wachuluka," anatero mtsikana woperekera zakudya, maso ali pansi.

A Shefu, mkulu wa ophika, sanali munthu wobwezeredwa mbale. Lesitilanti imeneyi, yomwe mawindo ake ankayang'ana kudoko kumene sitima zikuluzikulu zimakocheza, inatchuka chifukwa cha dzanja lawo. Anthu ankachita kusungitsiratu malo kuti adzadye nkhomaliro yophika iwo. A Shefu ankazidziwa zimenezo, ndipo zinawalowa m'mutu. Wophika mnzawo akalakwitsa msuzi, ankamukhuthulira pansapato anthu akuona. Mawu oti pepani sankawadziwa ndi khomo lake lomwe.

Koma munthu ndi munthu, ali ndi pofooka pake. Chitulukireni m'chipatala chaka chathachi, lilime la a Shefu linali litafa. Mchere, shuga, tsabola, zonse mkamwa mwawo zinkangokhala ngati madzi apampopi. Ankaphika ndi maso ndi chizolowezi basi. Supuni ankanyambitabe pamaso pa anzawo, n'kumagwedeza mutu ngati akumva kanthu. Sanauze aliyense. Ankadziwa kuti tsiku limene nkhaniyi idzamveke ndiye kutha kwa ntchito, ndipo pamsinkhu wawo panalibe wina akanawalemba.

Bwana mwini malo analowa thukuta lili kamukamu.

"A Shefu, mayi ali pawindo paja si mlendo wamba. Atumidwa ndi kampani ya sitima, akusankha malo oti alendo awo azidyerako chaka chonse. Akachoka muno atakwiya, ine ndi inu tisiyana."

A Shefu anakankha wophika amene anali pachitofu n'kugwira okha chiwaya. Anasankha nsomba ina yonona, maso ake ali mbee, yobwera m'mawa womwewo. Mchere anathira wochepa. Mbale inatuluka.

Sipanatenge nthawi, inabweranso.

"Akuti mulibe mchere. Akuti zikungokhala ngati zakudya za odwala kuchipatala."

Mawu akuti chipatalawo anawalasa. Anaponya maso kwa ophika anzawo. Aliyense anali kalikiliki kuduladula anyezi amene sankafunika n'komwe, ndipo wina mapewa ankamugwedezeka ndi kuseka. Chinali chapafupi kuitana mmodzi kuti alaweko. Koma ukayamba kubwereka lilime la mnzako, mawa lake khitchini yonse idziwa kuti lako linapita. A Shefu anasankha kufa nacho.

Anatulutsa nkhanu zikuluzikulu za m'nyanja yamchere, chakudya chimene chinawapatsa dzina mumzindamo. Izi akanatha kuphika ali m'tulo. Batala, adyo, ndimu, chilichonse anachiyeza mosamala ngati mankhwala a mwana. Fungo lake mwina linali labwino, poti anaona bwana akumeza malovu. Iwo mphuno nayonso inali itawathawa kale.

Mtsikana uja atabwerera, anaima pakhomo osafuna kulowa. Nkhanu zinali zitaswedwa n'kusiyidwa.

"Nena!" anakalipa a Shefu.

"Akufunsa ngati wophikayo amalawa zimene akupatsa anthu."

Basi, awagwira. Anthu otumidwa ndi makampani aakulu amachita kuphunzira ntchito yolawa, ndipo uyu anali wamva ndi pakamwa pake zimene khitchini yonse inalephera kuona chaka chathunthu. Mantha amene ankagona nawo ndi kudzuka nawo anali atakhala pampando wapawindo.

"Lamulo la pano mumalidziwa, poti munaliika ndinu," anatero bwana. "Mbale ikabwerera katatu, wophika amakapepesa yekha patebulo. Tiyeni."

Lamulolo a Shefu analiikira ena, osadziwa kuti lidzawapeza. Anavula chipewa chawo choyera n'kuchigwira ndi manja awiri. Podutsa pakati pa matebulo, mafoloko anasiya kulira. Anthu amene dzulo lomweli ankapempha kujambulitsa nawo, lero ankanong'onezana. A Shefu sanadzutse mutu. Atafika pawindo anangoona nsalu yapatebulo ndi nsapato zakuda za mlendoyo.

Anaganiza kuti munthu wodziwa ntchito chonchi sunganamize. Kuli bwino kugonja, mwina angamve chisoni n'kuwapatsa mpata wina.

"Mayi, mwandigwira," anatero ndi mawu osasa. "Nsomba ilibe mlandu, anzanga kukhitchini alibe mlandu. Ndine. Lilime langa linafa nditadwala. Sindimva mchere, sindimva kalikonse. Chaka chonsechi ndakhala ndikungophika mwachizolowezi. Ndikhululukireni, ndagwira mwendo wanu."

Patebulo loyandikana nalo bambo wina anakankhira mbale yake kutali. Mayi wina analavulira m'kansalu kopukutira pakamwa.

"Chaka chonse?" anatero bwana kumbuyo kwawo, mawu ali pansipansi. "Chaka chonse alendo anga akudya zongolota? Chipewacho mukasiye pakauntala. Kukhitchini kwanga musalowenso."

Mlendo uja anapinda kansalu kake bwinobwino n'kukankha mpando.

"Za lilimezo ndiye ndazimva lero, bambo a ana anga. Pepani."

A Shefu anadzutsa mutu. Anali mkazi wawo, yemwe anamuthamangitsa kalekale pomunena kuti sadziwa kuphika.

"Ine sindinalawe mbale ndi imodzi yomwe," anatero mayiyo akunyamula chikwama. "Inunso zanga zija munkazibweza musanalawe."